Mzinga wa a Makwinja

A Tobias Makwinja anali munthu wa dothi. Zaka khumi ndi zinayi anagwira ntchito ya ulangizi m'midzi ya ku Ntcheu, akuyenda pa njinga yopanda mabuleki akumbuyo, kuphunzitsa anthu kukonza akalozera ndi kubzala udzu m'malire mwa minda kuti mvula isakokolole nthaka. Mdani wawo wamkulu anali chigwembe. Akaona mng'alu wayamba m'munda wa munthu, ankatsika pa njinga n'kuyamba kukalipa ngati mundawo ndi wawo. Alimi ankawaseka kuseri, koma ankawamvera.

Ku Canada anafika m'chaka cha 1989, akutsatira akazi awo, a Zelipa, amene anatsogolako atapeza ntchito yosamalira okalamba ku Brampton. Mapepala a ulangizi aja kuno palibe anawafunsa. Anapeza ntchito m'chinyumba chosungiramo katundu, chopanda ndi zenera limodzi lomwe, momwe ankatsitsa makatoni a nsapato kuyambira sikisi m'mawa mpaka thuu koloko. Munthu amene ankadziwa mtundu wa nthaka pongoifikisa m'zala anatha chaka chathunthu akuponda simenti yokhayokha. Sankadandaula, koma ankawonda.

Lamlungu lina, atangopeza kumene laisensi, anasochera pa galimoto cha kumpoto kwa tauni, kumene nyumba zimathera n'kuyamba minda. Msewu utakwera kachitunda pafupi ndi kamudzi kotchedwa Cheltenham, anangoona m'mbali dziko lofiira psuu, lopanda ndi udzu womwe, litachita mizeremizere ngati nthiti za ng'ombe yowonda. Zinali zigwembe zokhazokha, kutsetsereka mpaka ku mitengo ya kumunsi. Azungu anali ataimika magalimoto, ena akujambula, ana awo akutsetsereka ndi matako. A Tobias anatsika ndi ukali wa ku Ntcheu uja. Anafunsa mkulu wina kuti malowo ndi a yani, ndipo mkuluyo anawauza kuti kalekale unalidi munda, koma unalimidwa ndi kudyetsedwa ng'ombe mosasamala mpaka nthaka yonse yapamwamba inapita.

"Nanga mukusekerera chiyani?" anatero a Tobias m'Chichewa mkuluyo atachoka. "Awatu ndi maliro a munda."

Koma sabata yotsatira anapitakonso, ndi inzake yotsatira. Chimene anadana nacho moyo wawo wonse ndicho chinali chinthu chokhacho m'dziko lonse la Canada chimene ankachidziwa bwino. Ankakhala pamwamba n'kumawerenga malowo: apa madzi anayambira, apa anakhota, apa akanabzala udzu zikanatheka. Kenako anagula kamera yakale m'sitolo ya kaunjika wa zipangizo ku Toronto, ndipo wogulitsayo, munthu wa pakamwa potsekemera, anawawonjezera lenzi yokokera zinthu zakutali, yaitali ngati mkono kuchokera pa chigongono mpaka ku zala.

Lenzi imeneyo inawaphunzitsa kudekha. Imakulitsa chinthu, inde, koma imakulitsanso kunjenjemera kwa dzanja, moti ukapuma molakwika chithunzi chonse chimatuluka mbuu. Anagula choimikira cha miyendo itatu, naphunzira kugwira mpweya asanadinde. Anaphunzira kuti dzuwa la m'mamawa ndi la madzulo limagoneka mithunzi m'zigwembe, pomwe la masana limavinitsa mpweya pamwamba pa dothi lotentha. Chimene chinawakondweretsa kwambiri n'chakuti lenziyo imasendeza zitunda pamodzi, chakutali kukhala ngati chatsamira chapafupi, moti kamalo kamene munthu angakadutse pa mphindi khumi kankatuluka ngati chipululu chopanda mathero. Anali woumira filimu. Ankatha kukhala maola atatu n'kudinda kawiri kokha, ndipo filimu imodzi inkakhala m'kameramo miyezi.

Tsono kwathu chithunzi ndi munthu. Umavala suti, umaima pafupi ndi galimoto, ngakhale ya eni ake, umatumiza kumudzi kuti aone kuti uli moyo ndipo wanenepa. Chithunzi chopanda munthu timati chinalakwika. A Tobias ataonetsa zithunzi zawo zoyamba kwa anzawo a ku tchalitchi, anthu anazitembenuza uku ndi uku kufunafuna amene anajambulidwa. Lenzi ija anaipatsa dzina loti mzinga. Ankawapempha kuti adzajambule maukwati ndi maubatizo, iwo n'kumakana, amvekere ndi mzingawu kuti mkwati akwane m'chithunzi ndiye kuti ndikaime kunja koimika magalimoto. Zinali zoona, koma anthu anati ndi matama.

Chaka cha 1992 amene analipo akuchikumbukira. Kumudzi kunali chilala, kunalinso chipani chimodzi, ndipo munthu ankatha kusowa chifukwa cha mawu amene anayankhula pa mowa. Chaka chimenecho anthu anayamba kung'ung'udza poyera, makalata osasayina akuyenda m'maofesi, ena n'kumatengedwa. Ife a kunja tinkadzitama kuti tili pa ufulu, koma mantha tinakwera nawo ndege. Aliyense ankakhulupirira kuti pa Amalawi khumi alionse, mmodzi ali ndi kope lolembamo maina.

Loweruka loyandikana ndi pa 6 Julaye, mabanja asanu ndi atatu anagwirizana zokadyera limodzi panja. A Zelipa ndiwo anapereka ganizo lopita ku dothi lofiira lija, makamaka kuti amayi ena asiye kunong'ona zoti amuna awo ali ndi chibwenzi cha chizungu cha kumeneko. Anthu anafika, anayang'ana, anagwedeza mitu, natsikira ku mitengo ya kumunsi kumene kunali mthunzi. A Tobias anadya mwendo umodzi wa nkhuku, nanyamula mzinga wawo kubwerera pamwamba, pafupi ndi msewu. Patapita kanthawi, a Zelipa nawonso anakwera kukatenga madzi ku galimoto.

Pansi pa mitengo paja nkhani inafika pa za kumudzi, ndipo amene anaigwira pakhosi anali a Elsie Chikuse, namwino wamasiye amene anali atatopa n'kunong'ona. Anaimirira, duku lawo lachikasu lili pamutu, nayankhula zambiri. Mawu amene anthu anawasunga anali akuti, "Tatopa kuombera m'manja tili ndi njala."

Nthawi yomweyo a Tobias, pamwamba paja, ankayendetsa diso la kamera pang'onopang'ono potsata msana wa chitunda china. Kumathero kwake anaona kadontho kachikasu, ndi timadontho tina titakazungulira. Mtima wa ujambuli unawagunda. Anali atazindikira kale kuti chipululu sichioneka kukula kwake ngati mulibe kanthu kakang'ono koyerekezera nako, ndipo apa kanthuko kanali katadzibweretsa kokha. Anagwira mpweya, nadinda kamodzi. Kumunsi, a Sydney, bambo wa makani amene ankagulitsa inshuwalansi ku Markham, anaona galasi likung'anima.

"Taonani, mzinga watiloza," anatero.

Anthu anaseka, koma nkhani ija inathera pomwepo.

Tsoka silinunkha. Kumapeto kwa Ogasiti a Elsie analandira kalata imene inadzera ku Zambia m'thumba la munthu. Mchimwene wawo Eric, kalaliki ku Limbe, anali atatengedwa ku ntchito masanasana ndi anthu amene sananene maina awo. Mkazi wake anamuona kamodzi kokha, ndipo Eric anamuuza kuti omufunsa aja anati mlongo wako wa ku Canada ali ndi pakamwa, akuti watopa kuombera m'manja. Anali mawu omwe aja, osaphonya ndi limodzi lomwe.

Sipanapite masiku atatu, nkhani inali itazungulira Brampton, Markham mpaka Oakville. Ndani anaima patali tsiku lija? Ndani ali ndi chida chimene munthu wotsitsa makatoni sangachifune? Chifukwa chiyani mkazi wake anachokapo nkhani itangoyamba? Wina atafunsa kuti kodi kamera imajambula mawu, a Sydney anati zida za masiku ano sitingazidziwe, ndipo palibe anatsutsa. Anthu ankafuna dzina, ndipo dzina linali litapezeka.

A Tobias anamva mochedwa, monga amamvera mwini nkhani nthawi zonse. Ku tchalitchi anaona kuti benchi yawo yakula, mbali zonse ziwiri malo okhaokha. Pa nthawi yopatsana moni wa mtendere, manja ankawadumpha. Foni ya kunyumba inangoti zii. A Zelipa anachotsedwa pa ndandanda ya amayi okaphikira mnzawo amene anali atangochira kumene, popanda wowauza chifukwa. Lamlungu lachiwiri mayi wina wa ku Chipata, amene analibe nawo mbali pa za Amalawi, anawakokera a Zelipa pambali koimika magalimoto n'kuwauza zonse.

Munthu amene sanakhaleko kunja sangamvetse kulemera kwa nkhani imeneyi. Mabanja asanu ndi atatu aja ndiwo anali mudzi wonse wa a Tobias. Ukadwala okuzonda ndi omwewo, mwana akamakwatiwa ankhoswe ndi omwewo, ukafa okunyamula ndi omwewo. Ndipo dzina la kazitape silikhala ku Canada kokha, limakwera ndege n'kukapeza abale ako kumudzi. A Tobias anachita mantha kuposa mmene anachitira m'moyo wawo wonse. Ku ntchito anagwetsa makatoni kawiri tsiku limodzi, mpaka kapitawo anawafunsa ngati akudwala. Akamva Chichewa m'basi ankatembenukira ku zenera.

Loweruka m'mawa a Zelipa anawapeza kukhitchini atakhala ndi tiyi wozizira.

"Bambo a Olivia, filimu ya tsiku lija ili kuti?"

"Ili momwemo m'kamera. Sinathe."

"Sinathe? Kuchokera Julaye?"

"Kuchokera Epulo."

A Zelipa anaomba m'manja kamodzi. "Ndiye mukuzunzikiranji? Kaitsukitseni anthu akuona. Aone okha dothi lanulo, atisiye."

A Tobias anazunguliza kapu pa tebulo.

"Ndikuyankhulatu ndi inu."

"Muli chimodzi," anatero motsitsa mawu.

"Chimodzi cha chiyani?"

"Cha pansi pa mitengo paja. A Elsie ataimirira."

A Zelipa anakoka mpando n'kukhala. Kwa nthawi yaitali anawayang'ana amuna awo ngati akuwaona koyamba, ndipo kuyang'ana kumeneko kunawapweteka a Tobias kuposa benchi yopanda anthu ija.

"Ukwati wa mwana wa eni munakana kujambula. Ubatizo wa Olivia wanu yemwe tinachita kubwereka munthu. Lero mwasankha tsiku limenelo kuti muyambe kujambula anthu?"

"Sindinajambule anthu, mayi. Ndinajambula dziko. Anthuwo anangokhala poyerekezera kukula kwa malo."

"Zimenezo mukawauze a Sydney." Anaimirira, nakatenga kamera kuchipinda, n'kuiika pa tebulo pomwe pankawomba dzuwa. "Tsegulani kumbuyoku, dzuwa lilowe. Tidzati inapsa yokha."

A Tobias anaika chala pa kachitsulo kotsegulira. Akanangokakoka, pa sekondi imodzi zonse zikanafufutika. Koma akanapita kwa anthu ndi filimu yakupsa, ndani akanakhulupirira kuti inapsa yokha? Akanati wabisa. Nanga akanapita nayo yamoyo, n'kutuluka nkhope ya a Elsie ili mbee, pakamwa pali yasa, akanati chiyani? Sankadziwa kuti chithunzicho chinatuluka bwanji. M'diso la kamera anawazindikira a Elsie ndi duku lawo lija, ndipo mmene masiku ankapita, m'maganizo mwawo nkhopeyo inkakulirakulira mpaka kudzaza pepala lonse.

Anachotsa chala. Ndikanakonda kunena kuti chinali chilungamo chokha, koma tinene zoona. M'filimu momwemo munali zithunzi za mu Epulo, sinowo yomaliza itagona m'zigwembe, zoyera pa zofiira, zimene anazidikirira nyengo yozizira yonse. Mtima wawo unakana kuziotcha.

Masana omwewo anaimbira foni a Solomon, mkulu wa mpingo, munthu wakale kuno kuposa onse. A Solomon anamvetsera mpaka kumapeto, anapumira m'mwamba, nati mlandu suola, ndipo ndi bwino kuutha anthu akuona. Anagwirizana kuti Loweruka lotsatira a Tobias abweretse kamera osaitsegula ku molo, chinyumba chachikulu cha masitolo chija, kumene kunali kasitolo kotsuka zithunzi pa ola limodzi. Za chithunzi chimodzi chija a Tobias sananene.

Sabata imeneyo inatalika. Lachitatu anatenganso kamera n'kuima nayo pa zenera, kenako anaibweza. Lachisanu anaiwala chakudya cha masana m'basi.

Loweruka anakumana anthu asanu: a Solomon, a Sydney amene anabwera ndi a Elsie pa galimoto yawo, a Tobias ndi a Zelipa. Moni unali wa pakamwa pokha. A Elsie anali atatsika thupi, maso atalowa m'kati, ndipo sanawayang'ane a Tobias ngakhale pang'ono. A Tobias anaika kamera pa kauntala, naonetsa a Solomon kazenera kowerengera zithunzi, kamene kanali pa nambala 33. Anayamba kupota kachogwirira kobweza filimu. Zala zinkaterera ndi thukuta moti anachita kuyambiranso kawiri. Atatsegula, sanaikhudze filimuyo.

"A Elsie, itengeni ndi dzanja lanu," anatero a Solomon.

A Elsie anaitenga n'kuipereka kwa mtsikana wa m'sitolomo, amene ankatafuna chingamu osadziwa kuti walandira moyo wa munthu. Anawauza kuti abwere pakatha ola limodzi.

Anakakhala pa mipando ya pulasitiki, malo odyera a pakati pa molo. Anthu ankadutsa ndi ana, ndi majumbo, nyimbo zikulira kudenga. A Sydney anagula tchipisi n'kumadya okha. A Solomon ankayang'ana wotchi yawo, kenako ya pakhoma, ngati ziwirizo zikhoza kutsutsana. Kuchokera pomwe anakhala, a Tobias ankaona makina a m'sitolo muja kudzera pa galasi, akulavula zithunzi za anthu ena chimodzichimodzi: makeke, agalu, ana ovala zisoti za pepala. Chilichonse chofiirira chikatuluka, ankasuzumira kuti aone ngati ndi chawo.

"Koma ndiye mwatuluka thukuta, bwana," anatero a Sydney akunyambita zala. "Muno mulitu eyakoni."

A Zelipa anafuna kuyankha, koma a Solomon anakweza dzanja.

Mphindi makumi anayi zitadutsa, a Tobias anaona kuti sangathenso. Ngati chinthucho chinkayenera kutuluka, kunali bwino chitulukire pakamwa pawo kusiyana ndi mu envelopu.

"A Elsie," anatero. "A Elsie, muli chithunzi chimodzi chimene mulimo inu. Nonse mulimo. Ndinajambula tsiku lija, ndili pamwamba."

A Sydney anamenya tebulo mpaka tchipisi zinalumpha. "Mwamva? A Solomon, mwamva nokha! Ndimanena ine. Wakonfesa yekha!"

"Bwanji simunandiuze pa foni paja?" anafunsa a Solomon, mawu ali ozizira.

"Ndinkaopa."

A Elsie tsopano anawayang'ana, koyamba tsiku limenelo. Sanakalipe. Anangoti, "Eric ali ndi ana anayi, a Makwinja." Kenako anayang'ananso pa tebulo.

Panali patatsala mphindi makumi awiri. A Zelipa anagwira chikwama chawo ndi manja awiri pa miyendo. A Tobias ankaganiza za mng'ono wawo amene ankaphunzitsa sukulu ku Neno, ndi mmene anthu adzamulozere zala zinthu zikadzasintha.

A Elsie ndiwo anakatenga envelopu. Anasuntha mbale ya tchipisi, napukuta tebulo ndi kansalu, nayamba kuyala zithunzi chimodzichimodzi m'dongosolo limene zinatulukira. Choyamba chinali dothi lofiira, sinowo ili m'makwawa. Chachiwiri chimodzimodzi.

"Dothi," anatero a Solomon atavala magalasi. "Dothi. Ilinso dothi."

Sinowo inatha, m'mphepete mwa zithunzi munayamba kuoneka masamba anthete, kenako obiriwira. Mizere yofiira inkangopitirira, ina ndi mithunzi yaitali, ina ngati nsalu yopindapinda. Ngakhale pa nthawi ngati imeneyo, a Tobias anaona kuti chachisanu ndi chiwiri chinatuluka bwino kuposa mmene ankayembekezera, ndipo anachita manyazi kuti aona zimenezo.

"Munthu ndi mutu wake," anang'ung'udza a Sydney, "kuwononga filimu yonse pa chigwembe."

Pa chithunzi cha nambala 21 dzanja la a Elsie linaima. Onse anawerama. Zitunda zofiira zinadzaza pepala lonse, chimodzi chitatsamira chinzake, ndipo kumunsi pakona, pansi pa mdima wa mitengo, panali timadontho. Kamodzi kanali kachikasu, kakang'ono kuposa njere ya chimanga. Mpweya wotentha wa masana uja unali utatisungunula tonse, moti panalibe diso, mphuno kapena pakamwa.

"Ndi chimenechi?" anafunsa a Solomon.

"Ndi chomwecho."

A Sydney anachikokera kwa iwo, nachiyandikiza ku maso, nachitalikitsa. "Ine ndili pati apa?"

"Si inu awa muli pafupi ndi bokosi la zakumwali?" anatero a Zelipa. "Mwina. Kapena ndi chitsa."

A Elsie anayala zotsalazo. Zinali dothi lokhalokha mpaka chomaliza, udzu wa m'mbali utayamba kufiirira ndi dzuwa la Ogasiti. A Solomon anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Anali mphunzitsi kumudzi, ndipo anayankhula monga mphunzitsi, akuloza ndi chala kuchokera ku chithunzi choyamba mpaka chomaliza.

"Filimu iyi inayamba kuli sinowo. Inadutsa pa tsiku lathu lija, umboni wake ndi uwu. Yatulutsidwa lero, tonse tikuona. Ndiye kuti sinatulukemo m'kameramu, ndipo palibe amene anaiona ife tisanaione. Chithunzi chimene mumachiopachi, a Makwinja, ndicho chakupulumutsani. Chikanapanda kukhalamo, tikanati mwabweretsa filimu ina."

A Tobias anatsamira kumbuyo pa mpando. A Zelipa anabisa nkhope m'manja.

"Chabwino, zithunzi tamva," anatero a Sydney, mawu atatsika. "Nanga mawu aja anapita bwanji?"

A Elsie anali akuyang'anabe chithunzi chija, ndi mtunda wonse wofiira umene unali pakati pa wojambula ndi timadontho tija.

"A Makwinja, munaima pati?"

"Pamwamba penipeni, pafupi ndi msewu."

"Munkamva zimene tinkayankhula?"

"Ndinkangomva mphepo ndi magalimoto, mayi."

A Elsie anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anaika chikhadabo pa kadontho kachikasu, kenako anayamba kukhudza timadontho tina tozungulira, kamodzikamodzi, milomo ikuwerenga popanda mawu. Anafika pa anthu khumi ndi atatu. Onsewo anali anthu amene anadya nawo mbale imodzi, amene anawalerera ana, amene anabwera kudzagona nawo pansi amuna awo atamwalira. A Solomon anayang'ana kumbali. A Sydney anasiya kutafuna. Amene anatumiza mawu aja sanadziwike tsiku limenelo, ndipo sanadziwikebe.

"Masabata atatu ndakhala ndikukudani, a Makwinja," anatero a Elsie, "ndipo ndimapeza tulo. Ndimati mdani wanga ndikumudziwa, ndi uja amaima patali. Ndinkafuna mukhale inu." Misozi inayamba kutsika koma sanaipukute. "Lero ndikagona bwanji?"

A Tobias anali atadikira sabata yonse kuti adzamve kukoma kwa kumasuka, koma sanakumve. Anangomva chisoni chachikulu, cha mayi uja ndi cha onse amene anali pa tebulopo.

A Solomon anasonkhanitsa zithunzi n'kuzibwezera mu envelopu, kupatula chimodzi chija, chimene a Elsie anachiika m'chikwama chawo popanda kupempha. Onse anaimirira. A Sydney anatulutsa makiyi m'thumba.

"Tiyeni, achemwali, ndikakudiropeni."

"Kapena mukwere yanga," anatero a Solomon. "Ndikudzera konko."

A Elsie anayang'ana makiyi a a Sydney, anayang'ana nkhope ya a Solomon, anthu amene anawadziwa zaka khumi. Kenako anakoleka chikwama paphewa n'kutembenukira kwa munthu amene m'mawa womwewo sanafune ngakhale kumupatsa dzanja.

"A Makwinja," anatero, "galimoto yanu mwaimika mbali iti?"